Funsani Tikuyankheni: Al Capone, mkulu wa zigawenga amene anakodwa pa msonkho

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi dzina limodzi: Al Capone, amene analamulira gulu la zigawenga mumzinda wa Chicago ku America kuyambira 1925 mpaka 1931. Ena mwamudziwira m'makanema, ena mumangomva dzinali likutchulidwa pakakhala nkhani ya munthu woopsa. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ataliatali tawadula.

Akonzi, anzanga amati Capone anabadwira ku Italy ndipo anali mfumu ya Mafia. N'zoona? Nanga zipsera za kumaso zija anazitenga kunkhondo? — Mnyamata wa ku Ndirande, Blantyre

Achimwene, anzanuwo aphonya. Alphonse Capone anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pa 17 Januwale 1899. Amene anachokera ku Italy, kufupi ndi Naples, ndi makolo ake, anthu odya thukuta lawo: bambo ake, Gabriele, ankameta anthu tsitsi, mayi ake, Teresa, ankasoka zovala. M'banjamo munali ana 9. Mafia yeniyeni ndi ya anthu a pachilumba cha Sicily, ndipo masiku amenewo mwana wa anthu a ku Naples ankamuona ngati wobwera. N'chifukwa chake gulu la Capone, lomwe linadzatchuka ndi dzina loti Outfit, silinkayang'ana mtundu wa munthu. Wosunga ndalama, Jake Guzik, anali Myuda. Murray Humphreys, amene ankalowerera m'mabungwe a anthu apantchito, makolo ake anali a ku Wales.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka 14 atamenyana ndi mphunzitsi. Kenako anagwera m'manja mwa Frankie Yale, amene anamulemba ntchito yothira mowa ndi kutulutsa zidakwa zovuta pa bala yake ya Harvard Inn ku Coney Island. Zipsera zitatu za kumanzere kwa nkhope anazitengera pomwepo. Analankhula zachipongwe kwa mtsikana wina, ndiye mlongo wake wa mtsikanayo, Frank Galluccio, anamucheka ndi mpeni. Za kunkhondozo anapeka yekha, usilikali sanaulowepo. Dzina loti Scarface, kutanthauza wa zipsera kumaso, ankadana nalo, ndipo akamajambulidwa ankabisa tsaya lamanzerelo, atalipaka paudala.

Anakwatira Mae Coughlin mu Disembala 1918, mwezi womwe mwana wawo mmodzi yekhayo, Albert, anabadwa. Cha m'ma 1920 Johnny Torrio, mmodzi wa akuluakulu a zigawenga ku Chicago, anamuitanira kumeneko.

Ine ndimagulitsa zakumwa, ndipo ndimadziwa kuti phindu la botolo limodzi ndi kakang'ono. Munthu angalemere bwanji chonchija ndi mowa? — Mayi wa golosale, Limbe

Amayi, mwagwira patsinde pa nkhani. Phindu lanu ndi lochepa chifukwa chimene mukugulitsacho n'chololedwa, ndipo mnzanu wa khomo lotsatira akugulitsanso. Pa 17 Januwale 1920, tsiku limene Capone anakwanitsa zaka 21, dziko la America linaletsa kufulula, kugulitsa ndi kunyamula chakumwa chilichonse chokhala ndi mphamvu ya mowa yopitirira theka la peresenti imodzi. Kumwa kokhako sikunaletsedwe. Ludzu linatsala momwe linalili, ogulitsa achilungamo anatseka, msika wonse n'kutsalira anthu osaopa ndende. Lamulo loletsali linathetsedwa pa 5 Disembala 1933.

Ndalama zambiri zinali mu mowa wa balere, uwu wathovu. Mafakitale ena analoledwa kupanga chakumwa chofanana nawo koma chopanda mphamvu. Tsono chakumwa chimenecho sungachipange osayamba wafulula mowa weniweni, kenako n'kuchotsamo mphamvuyo. Torrio anagula mafakitale oterewa, pa ziphaso n'kuika maina a anthu ena, ndipo migolo inkatuluka isanafike pochotsera mphamvu paja. Mgolo umodzi wa malita pafupifupi 117 unkadya cha m'ma $5 kuupanga, mwini shabini n'kuugula $55. Kogula sankasankha yekha. Akatenga katundu kwa gulu lina ankayamba amuswera magalasi, akapanda kumva n'kumuponyera bomba pakhomo.

Wisiki wabwino ankachokera ku Canada kuwoloka mtsinje wa Detroit, wina ankatsika m'sitima kugombe la New York n'kubwera pa malole. Asanafike kwa wakumwa ankamuchulukitsa ndi madzi, sipiriti ndi utoto, botolo limodzi n'kubala angapo. Panalinso sipiriti ya m'mafakitale a penti ndi mafuta onunkhira, imene boma linalamula kuti izithiridwa poizoni, makamaka methanol, kuti isamwedwe. Zigawenga zinkaiba kapena kugula sipiritiyi n'kuyesa kuitchezanso. Poizoniyo sankachoka yense, ndipo anthu ambiri m'dzikomo anachita khungu, ena kufa. Njira ina mungaizindikire msanga: abale a banja la Genna anagawa zotchezera m'nyumba za amphawi a ku Little Italy, dera la Ataliyana ku Chicago, n'kumalipira banja $15 pa tsiku kuti lizitcheza mowa wa shuga wa chimanga, monga amachitira amayi a kachasu.

Akuluakulu a boma anayerekeza kuti mu 1927 gululi linatolera $105 miliyoni: $60 miliyoni pa mowa, $25 miliyoni pa juga, $10 miliyoni pa nyumba za mahule ndi malo ovinira, $10 miliyoni pa ndalama zoopsezera eni mabizinesi. Koma inu mukudziwa kuti zimene zalowa m'kabati si phindu. Pamenepo pachoke malipiro a ofulula, madalaivala, amakaniko, anyamata a mfuti ndi maloya, kenako chinthu chodula kuposa zonse: ziphuphu. Lole ya mowa sibisika, fakitale imanunkha msewu wonse. Bizinesiyi sikanatha sabata popanda wapolisi wa pamsewu, mkulu wa polisi, khansala ndi woweruza amene walandira kale yake. Wapolisi wa boma woona za lamulo la mowa sankafika $3,000 pa chaka, pomwe envelopu ya sabata imodzi inkatha kufika $2,000.

Pofooka pa bizinesi yotere ndi apa: wina akakuberani inu, mumapita kupolisi, akakana ngongole, mumamusumira. Capone analibe kosumira. Mkangano uliwonse wa malire, wa ngongole kapena wa lole yosowa unkathera pa mfuti. Frankie Yale yemwe uja, amene anamulemba ntchito yoyamba, atakayikiridwa kuti akubera malole a wisiki a Capone, anawomberedwa m'galimoto yake ku Brooklyn pa 1 Julayi 1928.

Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi n'kuletsa masacheti mu 2015. Kodi sitikulera a Capone athu? — Wowerenga wa ku Mchinji

Sitikuganiza choncho. Chimene chinaletsedwa kuno ndi mtundu umodzi wa mowa ndi kapakidwe kake. Mabala ali otsegula, mafakitale ali ndi ziphaso. Pamene mowa wololedwa ulipo, wozembetsa sangaike mtengo wa kakhumi monga zinalili ndi mgolo wa $55 uja, ndipo popanda phindu lotero palibe ndalama zogulira mzinda wonse. Choyenera kuopa n'china. Paliponse pamene envelopu ya wozembetsa ikuposa malipiro a woyang'anira lamulo, kaya ndi pa mowa, makala kapena mankhwala a m'chipatala, mbewu yake ndi yomweyo.

Anayamba ngati mnyamata wa Torrio. Zinatani kuti akhale bwana akadali wamng'ono chonchija, nanga za pa 14 Febuluwale zija anachitadi ndi iyeyo? — Mphunzitsi wa mbiri yakale, Dedza

Aphunzitsi, mpandowo anaupeza chifukwa amene anali patsogolo pake anachoka mmodzimmodzi. Big Jim Colosimo, bwana wa Torrio, anali wokhutira ndi juga ndi nyumba za mahule, za mowa sankazifuna. Anawomberedwa polowera mu lesitilanti yake pa 11 Meyi 1920, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa. Torrio anali munthu wofatsa pakamwa, wosakonda phokoso. Anakambirana ndi magulu ena n'kugawana madera, aliyense azigulitsa kwake.

Mu 1923 Chicago inasankha meya wolimba, William Dever, ndipo Torrio ndi Capone anasamutsira likulu lawo ku Cicero, tauni yoyandikana nayo. Pa chisankho cha pa 1 Epulo 1924 anyamata awo anaima pamalo oponyera voti, kulanda mapepala, kumenya ndi kuba oyang'anira chisankho. Mkulu wake wa Capone, Frank, anawomberedwa ndi apolisi tsiku lomwelo, koma anthu awo anapambana, tauniyo n'kukhala yawo.

Pangano la madera lija linasweka ndi Dean O'Banion, mtsogoleri wa gulu la kumpoto kwa mzinda, amenenso ankagulitsa maluwa. Anagulitsa kwa Torrio gawo lake la fakitale ya Sieben pa $500,000 akudziwa kuti apolisi akubwera kudzaitseka, ndipo Torrio anagwidwa ali momwemo mu Meyi 1924. Pa 10 Novembala chaka chomwecho amuna atatu analowa mu shopu ya maluwa ija ngati odzatenga nkhata za maliro. Mmodzi anamupatsa O'Banion moni wa padzanja osalitaya dzanjalo, enawo n'kuwombera. Anzake anabwezera pa 24 Januwale 1925: anamuwombera Torrio pakhomo pa nyumba yake. Anachira, anakagwira ndende miyezi 9 pa mlandu wa fakitale uja, kenako anasiyira zonse Capone n'kupita ku Italy. Capone anali ndi zaka 26.

Nkhondo inakula. Pa 20 Seputembala 1926, dzuwa lili paliwombo, mdipiti wa magalimoto unadutsa pa Hawthorne Hotel, likulu la Capone ku Cicero, n'kukhuthula zipolopolo zoposa 1,000. Capone anagona pansi mu lesitilanti, anapulumuka. Pa 11 Okutobala Hymie Weiss, amene analowa m'malo mwa O'Banion ndipo anatuma magalimotowo, anali mtembo.

Tsono pa 14 Febuluwale 1929, m'mawa cha m'ma 10:30, amuna anayi analowa m'galaja ya pa 2122 North Clark Street, awiri atavala yunifomu ya polisi. Amuna 7 amene anali m'katimo anauzidwa kuti ayang'ane kukhoma. Anamvera osalimbana, ngakhale ena anali ndi mfuti, chifukwa ankayesa n'kugwidwa kwa masiku onse kumene kumatha ndi loya ndi belo. Anawomberedwa kumsana ndi mfuti ziwiri za mtundu wa Thompson, zipolopolo 70, kuphatikiza ndi zifefe. Pakati pa akufawo panali makaniko ndi dokotala wa maso amene ankangokonda kucheza ndi zigawenga. Amene ankafunidwa, Bugs Moran, mtsogoleri wa gulu la kumpoto lija pa nthawiyo, anachedwa, ndipo ataona galimoto yonga ya polisi anabwerera. Capone m'mawa umenewo anali mu ofesi ya loya wa boma ku Miami akufunsidwa nkhani ina. Mfuti ziwirizo zinapezeka mu Disembala 1929 m'nyumba ya Fred Burke ku Michigan, ndipo katswiri Calvin Goddard anatsimikiza poyerekeza mikwingwirima ya pa zipolopolo. Palibe amene anazengedwa mlanduwu. Olemba mbiri ambiri amaloza gulu la Capone, koma khoti silinagamulepo.

Chimene chili chodziwika ndi zotsatira zake. Zithunzi za mitembo zinatuluka m'nyuzipepala dziko lonse, ndipo Pulezidenti Herbert Hoover, atangolowa m'boma mu Malichi 1929, analamula kuti munthuyu amangidwe. Torrio ankathawa atolankhani, Capone ankawaitana yekha. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Munthu wokhetsa magazi chonchi, bwanji anamangidwa pa msonkho? Kumeneko si kuseweretsa chilungamo? — Kalaliki wopuma pantchito, Mzuzu

Bambo, kudandaula kwanu n'komveka, ndipo ifenso tikuti zaka 11 n'zochepa poyerekeza ndi maliro amene gululi linagwetsa. Koma taonani mmene zinalili. Ku America mlandu wakupha umazengedwa ndi boma la chigawo, pano Illinois, kudzera mwa apolisi ndi makhoti a m'deralo, omwe ambiri anali atadya kale. Mboni zinkaiwala mwadzidzidzi, zina zinkasowa. Pakati pa 1919 ndi 1933 anthu oposa 700 anaphedwa pa nkhondo za magulu amenewa m'dera la Chicago, ndipo opezeka olakwa ndi owerengeka. Boma lalikulu la ku Washington linali ndi ndodo ziwiri zokha, lamulo la mowa ndi la msonkho. Loyambalo linali lofooka, chifukwa anthu wamba 12 amene amakhala pa jury, omwe ndiwo amanena ngati munthu walakwa, ambiri ankamwa mowa womwewo. Koma munthu amene amapereka msonkho pa kamalipiro kake sachitira chisoni mpondamatiki wozemba.

Njira inatseguka mu 1927, pamene khoti la Supreme, pa mlandu wa wogulitsa mowa wina dzina lake Manley Sullivan, linagamula kuti ndalama zopeza mophwanya lamulo nazonso zimadulidwa msonkho. Komabe kuti munthu amangidwe pa kuzemba msonkho, boma liyenera kuonetsa kuti ndalamazo zinalowadi m'thumba mwake, chaka chakuti, zochuluka mwakuti. Capone analibe akaunti ya kubanki m'dzina lake, ankapewa kusaina mapepala, ankalipira kashi, ndipo nyumba ya ku Palm Island, Miami, imene anagula $40,000 mu 1928, inali m'dzina la mkazi wake.

Ntchitoyi inapita ku nthambi yofufuza ya ofesi ya msonkho, yotsogoleredwa ndi Elmer Irey, ndipo amene anaisenza ndi Frank Wilson, katswiri wa maakaunti. Nthambiyi inayambira m'munsi. Mu 1930 mkulu wake wa Capone, Ralph, anagamulidwa zaka 3, Guzik zaka 5, Frank Nitti, mmodzi wa akuluakulu a gululi, miyezi 18, onse pa msonkho.

Kenako Wilson, akufukula mulu wa mapepala amene analandidwa mu 1926 n'kuiwalika, anapeza maleja a nyumba ya juga ya Hawthorne Smoke Shop ku Cicero. Munalembedwa phindu ndi mmene ankaligawira kwa anthu otchulidwa ndi zilembo zokha, A, R, J, ndipo pena panali mzere wonena kuti Frank walipira $17,500 za Al. Koma leja payokha siyankhula m'khoti, pamafunika amene anailemba adzalumbire. Wilson anasonkhanitsa timapepala tosungitsira ndalama m'mabanki a m'deralo n'kumayerekeza kalembedwe, kamodzikamodzi, mpaka dzanja linafanana ndi la Leslie Shumway. Anakamupeza ku Miami kumayambiriro kwa 1931 akugwira ntchito pabwalo la mpikisano wa agalu, n'kumuuza kuti asankhe: samani yoperekedwa poyera anyamata a Capone akuona, kapena kuyankhula mwachinsinsi boma n'kumubisa. Anasankha kubisidwa. Mboni ina inali Fred Ries, amene ankatenga phindu la juga n'kukagula nalo macheke pa Pinkert State Bank m'dzina lopeka la J. C. Dunbar, ndalamazo n'kuthera kwa Guzik. Ameneyu boma linamukweza sitima ya ku South America kuti tsiku la mlandu limupeze wamoyo.

Mbali ina inali ya zogula, ndipo ndi imene inagwira mtima anthu a pa jury. Munthu wopanda ntchito yodziwika, amene sanaperekepo fomu ya msonkho, ankavala masuti a $135 ndi zovala zam'kati za silika za $12, n'kumagawira anzake zomangira lamba za dayamondi za $275 chimodzi. Nthawi imeneyo wantchito wa m'fakitale ankalandira pafupifupi $25 pa sabata. Atelala, ogulitsa nyama, ogulitsa mipando ndi a Western Union anabwera m'khoti ndi malisiti awo.

Mu Juni 1931 boma linamuimba milandu yopeza ndalama zoposa $1 miliyoni osapereka msonkho wa pafupifupi $215,000. Ndi kachigawo kakang'ono ka chuma chonse, koma ndi kamene kanali ndi pepala ndi mboni. Eliot Ness, wapolisi wa boma woona za lamulo la mowa amene makanema amamukweza, anagwiradi ntchito yolimba: anaswa mafakitale, analanda malole, anakana ziphuphu. Koma milandu 5,000 ya mowa imene anasonkhanitsa sinazengedwe n'komwe.

Ndikuphunzira zamalamulo. Ndamva kuti maloya a Capone analakwitsa. Analakwitsa pati? — Wophunzira, Zomba

Kulakwitsa koyamba kunachitika mlandu usanayambe. Mu Seputembala 1930 loya wake wa za msonkho, Lawrence Mattingly, pofuna kuti angolipira nkhani ithe, anapereka kalata yovomereza kuti Capone anapeza ndalama zosapitirira $26,000 mu 1926, $40,000 mu 1927, ndi $100,000 mu 1928 komanso mu 1929. Ankayesa kuti mawu oti kalatayi isadzagwiritsidwe ntchito pomutsutsa ndi okwanira. Woweruza James Wilkerson anailola kukhala umboni, ndipo chimene boma linachisaka zaka zambiri linachilandira m'manja.

Pa 16 Juni 1931 Capone anavomera milandu atagwirizana ndi loya wa boma, George E. Q. Johnson, pa zaka ziwiri ndi theka. Nkhani ya mgwirizanowu inamveka m'nyuzipepala chigamulo chisanaperekedwe. Pa 30 Julayi Wilkerson ananena kuti khoti silichita malonda pa chilango, Capone n'kubweza kuvomera kuja. Maloya ake, Michael Ahern ndi Albert Fink, anapezeka ndi mlandu wa msonkho umene sanaukonzekere.

Anyamata a Capone anapeza mndandanda wa anthu oti asankhidwe pa jury n'kuyamba kuwayendera ndi ndalama ndi ziopsezo. Edward O'Hare, loya amene ankayendetsa bwalo la agalu la gululi, anatsina khutu Wilson. M'mawa wa tsiku loyamba, kumayambiriro kwa Okutobala, Wilkerson anasinthanitsa anthu ake onse ndi a woweruza wina. Atsopanowo ambiri anali a kunja kwa mzinda, alimi ndi eni timashopu. Mlonda wa Capone, Philip D'Andrea, anagwidwa ndi mfuti m'nyumba ya khoti momwemo n'kulandira miyezi 6. O'Hare anadzawomberedwa mu Novembala 1939. Bwalo la ndege lalikulu la Chicago lili m'dzina la mwana wake, amene anali msilikali woyendetsa ndege.

Podziteteza, maloyawo anabweretsa mboni zonena kuti Capone analuza ndalama zambiri pa juga ya mahatchi. Kumeneko kunali kudzitchera msampha: woluza zochuluka chotero ndiye kuti anali nazo, ndipo lamulo limalola kuchotsera zoluza pa zimene wawina pa juga basi.

Chachikulu n'ichi. Kwathu timati mlandu suola, koma m'lamulo la msonkho la ku America umaola. Boma linawerengera malire a zaka 6, pomwe panali mfundo yolimba yoti malire ndi zaka 3, zomwe zikanagwetsa milandu ya 1925, 1926 ndi 1927. Maloyawo sanaiumirire bwino pa nthawi yake. Mu Epulo 1932 khoti la Supreme, pa mlandu wa munthu wina dzina lake Scharton, linagamula kuti ndi zaka 3. Maloya atsopano anayesa kuidzutsa, makhoti anakana.

Pa 17 Okutobala 1931 anapezeka wolakwa pa milandu 5: itatu ya kuzemba msonkho m'zaka zitatu zija, iwiri ya kusapereka fomu ya 1928 ndi 1929. Pa 24 Okutobala analandira zaka 11, chindapusa cha $50,000 ndi $7,692 zolipira khoti, ngongole ya msonkho ikadali pamutu.

Ndinamva kuti ankadyetsa amphawi. Sanali ndi mtima wabwino penapake? — Mayi wa ku Kasungu

Ankadyetsadi, amayi. Mu Novembala 1930, chuma cha America chitagwa, anatsegula malo pa 935 South State Street opereka supu, buledi ndi khofi kwaulere katatu pa tsiku, ndipo nyuzipepala zinati ankadyapo anthu pafupifupi 2,200 tsiku lililonse. Wanjala amene anadya pamenepo anakhutadi, zimenezo sitingatsutse. Koma onani nthawi yake. Mu Epulo chaka chomwecho bungwe la Chicago Crime Commission linali litamuika pamwamba pa mndandanda wa adani 28 a anthu, ndipo a msonkho anali atamuyandikira. Patangopita miyezi yochepa malowo anatsekedwa, njala isanathe. Ndalama za supuyo zinkachokera kwa ochapa zovala ndi eni timabizinesi amene ankalipira kuti asawotcheredwe shopu, ndi kwa atsikana a m'nyumba za mahule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena amati anafera ku Alcatraz, ena amati anapenga. Zoona ndi ziti? — Bambo wa ku Chipata, Zambia

Sanafere m'ndende, bambo. Mu Meyi 1932 anamutengera ku Atlanta, kumene ankasoka nsapato. Mu Ogasiti 1934 anamusamutsira ku Alcatraz, ndende ya pachilumba pafupi ndi San Francisco, n'kupatsidwa nambala 85. Kumeneko kunalibe nyuzipepala, kunalibenso woti n'kumugula. Ankachapa zovala ndi kukolopa, ndipo mu Juni 1936 mkaidi mnzake, James Lucas, anamubaya kumsana ndi sizasi.

Chimene chinamumaliza ndi chindoko chimene anatenga ali mnyamata osachichiza. Matendawa amanamiza. Amayamba ndi kachilonda kosapweteka kumaliseche, patapita pafupifupi masabata atatu, kamene kamapola kokha. Kenako zidzolo, nthawi zambiri m'manja ndi kumapazi, nazonso n'kutha zokha. Munthu amayesa wachira, pomwe kachilombo kangobisala, ndipo pakapita zaka 10 mpaka 30 kamatha kugwira ubongo kapena mtima. Mu Febuluwale 1938 madokotala a ku Alcatraz anapeza kuti kwa Capone kafika mu ubongo. Anatulutsidwa pa 16 Novembala 1939 n'kukagonekedwa pa Union Memorial Hospital ku Baltimore. M'zaka za m'ma 1940 analandira penisilini, koma mankhwalawa amapha kachilombo, sabweza ubongo umene wawonongeka kale. Mu 1946 madokotala anati nzeru zake zafanana ndi za mwana wa zaka 12. Anagwidwa sitiroko, chibayo chinatsatira, mtima n'kuima pa 25 Januwale 1947 kunyumba kwake ku Palm Island, ali ndi zaka 48.

Lero chindoko chikapezeka msanga chimachira ndi jekeseni imodzi ya benzathine penicillin. Chikakhalitsa, jekeseni zitatu, imodzi pa sabata. Chikafika mu ubongo, diripi ya masiku 10 mpaka 14 m'chipatala. Kuyezetsa ndi kadontho ka magazi, ndipo amayi oyembekezera amayezedwa kusikelo chifukwa chimapha mwana m'mimba. Mukapezeka nacho, pitani ndi mnzanuyo.

Nanga chuma chonse chija chinapita kuti? Gulu lake linatha iye atamangidwa? — Wowerenga wa ku Johannesburg

Chumacho chinali cha gulu, ndipo chinatsalira amene anakhala pampando. Zaka zake zomaliza Capone ankadalira ndalama zimene anzake akale ankatumiza, ndipo mkazi wake anagulitsa nyumba ya ku Palm Island mu 1952. Pa 21 Epulo 1986 mtolankhani Geraldo Rivera anagumula chipinda chobisika pansi pa Lexington Hotel, lomwe linali likulu la Capone, anthu pafupifupi 30 miliyoni akuonera pa wailesi yakanema, wa msonkho ataima pambali kudikira gawo la boma. Munapezeka dothi ndi mabotolo opanda kanthu.

Gulu silinathe. Mowa utaloledwa mu 1933 linali litakhazikika kale mu juga ndi m'mabungwe a apantchito, kenako linafika ku makampani a makanema ku Hollywood ndi ku nyumba za juga za Las Vegas. Kumanga bwana mmodzi kunasiya madalaivala, osunga ndalama, maloya ndi apolisi odya ziphuphu ali m'malo awo. Lamulo lolola kuzenga gulu lonse ngati bizinesi imodzi ya upandu, la RICO, linadzabwera mu 1970. Nitti anatenga mpando, n'kudziwombera pa 19 Malichi 1943 ataimbidwa mlandu wa ku Hollywood. Pambuyo pake Paul Ricca ndi Tony Accardo anaphunzira pa zimene zinagwetsa Capone: ankapewa atolankhani, ankapereka fomu ya msonkho chaka ndi chaka, ndipo Accardo anadzilembetsa ngati wogulitsa wa kampani ina ya mowa kuti ndalama zake zikhale ndi poyambira. Accardo anapezeka wolakwa pa msonkho mu 1960, apilo inagwetsa chigamulocho, ndipo pozenganso mu 1962 anamasulidwa. Anamwalira mu 1992 m'chipatala ku Chicago, ali ndi zaka 86.